Chinthu Chimene Chinagwa M'munda Mwanga

Ndinaphunzitsa sayansi kusekondale kwa zaka zoposa 30, ndipo nditapuma pa ntchito ndinabwerera kwathu ku Ntcheu, m'mudzi umene uli pafupi kwambiri ndi malire, kumene munthu amatha kuoloka msewu n'kukagula tomato ku Mozambique n'kubwerako madzi a nsima asanawire. Kumudziko anthu amanditchabe aphunzitsi, ndipo chodabwitsa chilichonse chikachitika, kaya ndi kadamsana, kaya nkhuku yaikira dzira lopanda chigoba, amathamangira kwa ine kuti ndiwamasulire. Ndiyenera kuvomereza kuti ulemu umenewu unandikoma mpaka unandilowa m'mutu.

Pa 30 December 2024, m'mudzi wa Mukuku m'dera la Makueni ku Kenya munagwa chimkombero chachitsulo chokula pafupifupi mamita awiri ndi theka, cholemera makilogalamu pafupifupi 500. Akuluakulu a bungwe loona za mumlengalenga la Kenya Space Agency anafika, anatchinga malowo, anachinyamula, ndipo ananena kuti chinali chidutswa cha roketi. Nkhaniyo ndinaionera pa wailesi ya kanema m'nyumba mwanga momwe, ndipo kwa masabata angapo anzanga a pabawo sanapume. Ndinkawauza za mwala wolemera makilogalamu 93 umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Ndinkawauzanso za chibaluni cha ku China chimene ndege yankhondo ya America inachiombera pa 4 February 2023 pafupi ndi gombe la South Carolina, komanso za zinthu zina zitatu zosadziwika zimene anaziombera m'masiku otsatira ku Alaska, ku Yukon m'dziko la Canada ndi pamwamba pa nyanja ya Huron, zimene pambuyo pake Pulezidenti Joe Biden ananena kuti mwina zinali zibaluni za makampani, za akafukufuku kapena za anthu ongosewera.

Koma nkhani imene ndinkaikonda kuposa zonse inali ya setilaiti yotchedwa Kosmos 954 ya Soviet Union, dziko lakale limene linkatsogoleredwa ndi Russia, imene inkayendera mphamvu ya nyukiliya, ndipo inasweka n'kumwazikira kumpoto kwa Canada pa 24 January 1978. Asilikali a Canada ndi a America anasakasaka zidutswa zake m'chipale chofewa kwa miyezi yambiri, chifukwa zina zinkatulutsa cheza choopsa chimene sichioneka ndi maso. Chimene chinkandisangalatsa kwenikweni ndi mathero ake, pakuti pali pangano la mayiko la mu 1972 lonena kuti dziko limene latumiza chinthu mumlengalenga liyenera kulipira chikagwa n'kuononga za ena, ndipo Soviet Union inapereka ndalama za ku Canada zokwana madola 3 miliyoni. Ndikafika pa ndalamazo ndinkaima pang'ono kuti anzanga azimve bwino kukoma kwake, kenako n'kutakata.

M'mwezi wa February, chimanga chitamasula, kunabwera chimvula cha mphepo usiku wina, ndipo magetsi anazima madzulo omwewo mtengo utagwera pa mawaya kumsika. Pakati pa usiku, mphenzi itang'anima, ndinamva kulira kwa chitsulo pamwamba pa denga ngati chinthu chikudutsa mothamanga, kenako kumunda kuseri kwa nyumba kunamveka phi! Ndinadzutsa akazi anga n'kuwafunsa ngati amva, koma iwo anangoti, "Gonani abambo, ndi mphepo imeneyo," n'kutembenukira kukhoma.

Kusanache bwino ndinali kale kumunda, nditavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, magalasi anga nditawaiwala patebulo. Pakati pa munda, mapesi okwana mizere inayi anali atagona, ndipo pamenepo panali chinthu chotuwa, chopindikapindika, theka lake litalowa m'matope, masamba a nkhwani atachikulunga. Kuchokera m'mimba mwake munatuluka mkono wachitsulo, ndipo kunsonga kwa mkonowo kunali kachinthu kobulungira kokhala ngati diso, kamene kanandiyang'ana ine ndendende. Ndinaima patali mapazi 30, chifukwa munthu amene amadziwa za Kosmos 954 sayandikira chinthu chotere, ndipo ndili pomwepo ndinaona kuti pamsana pake panali zilembo zofiira zachilendo, zina zoyang'ana chammbuyo, zina zozondoka. Mtima unagunda, ndipo ndinanena ndekha kuti ichi n'Chirasha basi.

Ndikubwerera kunyumba ndinakumana ndi akazi anga akuchokera kukhola la nkhuku, limene lili mbali ina ya nyumba kumene ine sindipitapita. Anayamba kunena kuti, "Abambo, tabwerani mudzaone kuno, mlongoti uja..." koma ine ndinakweza dzanja ngati ndili m'kalasi, n'kuwauza kuti za milongoti ndi nkhuku zidikire, pakuti m'munda mwathu mwagwa nkhani ya mayiko. Anandiyang'ana kwa kanthawi, anapukuta manja pa chitenje, n'kulowa m'khitchini.

Ndinapita kwa amfumu, ndipo pamodzi tinaimba foni kupolisi. Pofotokoza ndinagwiritsa ntchito mawu atatu amene ndinkadziwa kuti sangawanyalanyaze, omwe ndi bomba, ukazitape ndi nyukiliya. Kudera kwathu mawu akuti bomba si oseweretsa, chifukwa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992 inkamveka m'makutu mwathu momwe, ndipo akuluakulu amakumbukirabe othawa nkhondo amene anadzaza midzi yathu. Apolisi anatilangiza kuti aliyense asayandikire, ndipo anati adziwitsa asilikali odziwa za mabomba. Ine ndinatenga chingwe chomangira mbuzi ndi china choyanikapo zovala, ndinazilumikiza, n'kutchinga njira yonse yolowera kumunda.

Mmene dzuwa limafika paliwombo, kunyumba kwanga kunali chinamtindi cha anthu. Ana anathawa kusukulu, a kabaza anaimika njinga zawo m'mphepete mwa njira, ndipo mayi wina anabweretsa beseni la zitumbuwa n'kuyamba malonda pansi pa mtengo wanga wa mango osandipempha n'komwe. Anabweranso ena ochokera kutsidya kwa msewu, moti ndinganene kuti msonkhanowo unali wa mayiko awiri. Agogo ena ankalimbikira kuti chinali lichero la afiti limene linatha mafuta, ndipo ine ndinawadzudzula pagulu, n'kuwauza kuti nthawi ya zikhulupiriro zotere inapita, tsopano tili m'nthawi ya sayansi, imene imafuna kuti munthu ayambe waona bwino asanalankhule. Mawu amenewa ndinawanena mokweza kwambiri, ndipo anthu ambiri anawasunga.

Ndinakwera pa mtondo wozondotsa n'kuyamba kuphunzitsa. Ndinafotokoza kuti chinthu chozungulira dziko chimathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndipo chikamabwerera chimakhulana ndi mpweya n'kutentha kwambiri, moti zambiri zimapsa n'kutheratu m'mwamba, koma zidutswa zolimba zimafika pansi. Zonsezi zinali zoona, ndipo mpaka lero palibe amene wanditsutsa. Cholakwika changa chinali chakuti ndinayambanso kuwerengera madzi a mphutsi. Ndinatenga kope ndi kulemba mapesi ogwa, nkhwani zoonongeka, feteleza amene ndinathira, tulo timene ndinataya, ndi mantha a banja langa, ndipo ndinapeza chiwerengero chimene chikanakwana kugula malata atsopano, ng'ombe ziwiri ndi ngolo. Mlamu wanga, amene kwa zaka ziwiri ankakana kundibwereka ngakhale khasu, anandikokera pambali n'kundipatsa K50,000 kuti ndidzambwezere a ku Russia akalipira. Amfumu nawo anandikumbutsa mwaulemu kuti munda ndi wanga koma nthaka ndi yawo.

Pa nthawi imeneyi akazi anga anabweranso kachiwiri, atanyamula magalasi anga m'manja. Anagwada pang'ono monga mwa mwambo pamaso pa amfumu n'kunena chapansipansi kuti, "Abambo, valani magalasiwa, kenako mubwere tilankhule kuseri." Ndinalandira magalasiwo n'kuwaika m'thumba la jekete, chifukwa ndinali pakati pa kufotokoza za Yukon.

Asilikali anafika cha m'ma 3 koloko masana pa galimoto yawo yobiriwira, ndipo anthu onse anangoti zii. Anali asanu ndi mmodzi, ndipo mtsogoleri wawo anali mnyamata wodekha, waulemu, amene anandipatsa moni ndi manja awiri n'kunditcha bambo. Ndiyenera kunena kuti anagwira ntchito yawo mwadongosolo. Anabweza anthu kutali kuposa pamene panali chingwe changa cha mbuzi, anafunsa kumene mphepo ikuchokera, anafunsa ngati wina wakhudza chinthucho kapena wamva fungo lachilendo, ndipo mtsogoleriyo anatulutsa kabuku kuti alembe umboni wanga.

"Bambo, kodi munachiona ndi maso anu chikugwa?"

Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje. Anthu mazana anali kundiyang'ana, ndipo zinandivuta kunena kuti ndinali m'bulangete. Ndinayankha kuti ndinaona kuwala kobiriwira kukuchokera kumpoto chakum'mawa, kukusiya mchira wa moto, ndipo ndinaonjezera kuti pa chinthucho pali zilembo za Chirasha. Iye analemba zonse mosamala, anandiwerengera, ndipo ine ndinasaina ndi siginecha yanga yaikulu ija imene ndinkasainira malipoti a ana asukulu.

Msilikali mmodzi anavala chovala cholemera ndi chisoti chotchinga nkhope, anatenga chipangizo chofufuzira zitsulo, n'kuyamba kulowa m'chimangamo pang'onopang'ono, phazi limodzi, kuima, phazi lina. Amayi ena anayamba kupemphera, ndipo wa zitumbuwa uja anavundikira beseni lake. Msilikaliyo atafika pafupi anaima nthawi yaitali, anawerama, anachotsa masamba a nkhwani ndi kamtengo, kenako anapendeketsa mutu wake mpaka unatsala pang'ono kuzondoka. Tinaona mapewa ake akugwedezeka, ndipo ine ndinauza amfumu kuti cheza chija chayamba kumugwira. Kenako anavula chisoti n'kukodola mtsogoleri wake.

Awiriwo anaima pamenepo akuyang'ana pansi, ndipo mtsogoleriyo anatola chingwe choyera chimene chinali m'matope n'kuyamba kuchitsatira. Chingwecho chinadutsa m'mizere, chinadukira pa chitsa, koma chidutswa china chinapitirira kutsogolo, ndipo iye anachilondola mpaka anatulukira kukhola la nkhuku, khamu lonse likumutsatira chapatali. Pamenepo panali mlongoti wa bulugama umene chiswe chinaudya, umene akazi anga anakhala akundiuza kuyambira chilimwe kuti ndiusinthe, utathyoka pakati, ndipo chingwe chotsalacho chinkalendewera kuchokera pawindo la chipinda changa chochezera.

"Bambo," anatero mnyamatayo modekha kwambiri, "kodi TV yanu ikuonetsa bwinobwino?"

Ndinayankha kuti magetsi anazima dzulo. Iye anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva chisoni, n'kuitana anyamata ake kuti abweretse chombocho. Anachinyamula anthu awiri okha, wina ndi dzanja limodzi, anachiika pakati pa bwalo, anachithira ndowa ya madzi, n'kuchitembenuza kuti zilembo ziongoke. Ndinavala magalasi anga tsopano. Inali dishi yanga ya kanema, yomwe ija imene inandibweretsera nkhani ya ku Mukuku, ndipo diso limene linkandiyang'ana m'mawa linali kachipangizo kolandirira zithunzi kamene ndinakagula ndekha ku Lilongwe. Mtsogoleriyo anapempha mwana wina wa Sitandade 3 kuti awerenge Chirasha chija, ndipo mwanayo anawerenga mokweza, chilembo ndi chilembo, mawu amene ndinawalemba ndekha ndi penti yofiira tsiku limene ndinaikweza: "WAKUBA IWE, MULUNGU AKUKUONA."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo ndikukhulupirira kuti kunamveka mpaka ku Mozambique, ndipo amene sanamve anauzidwa ndi abale awo madzulo omwewo. Agogo a lichero aja anaseka mpaka anakhala pansi, akubwereza mawu anga akuti munthu ayambe waona bwino asanalankhule. Asilikaliwo anayesetsa kudzigwira, ndipo mtsogoleri wawo anandiuza kuti ndinachita bwino kutchinga malowo ndi kuitana odziwa, chifukwa chinthu chosadziwika sachigwiragwira. Ndinayamba kupezako mphamvu, koma iye anatsegulanso kabuku kaja n'kundifunsa ngati ndikufuna kuti kuwala kobiriwira ndi mchira wa moto zikhalebe mu lipoti, kapena tizifufute. Ndinapempha kuti tizifufute, ndipo ndinasainanso, ulendo uno ndi kasiginecha kakang'ono.

Mlamu wanga sanadikire kuti galimoto ya asilikali ikhote pa msewu, anali kale pambali panga atatambasula dzanja, ndipo popeza K4,000 ndinali nditagulira kale zitumbuwa ndi zakumwa za amfumu ndi nduna zawo, ndinachita kumupatsa tambala wanga kuti nkhaniyo ithe. Usiku umenewo akazi anga anandipakulira nsima ya nkhwani zomwe zija zinagweredwa ndi chombo, anakhala pa mkeka, ndipo sananene chilichonse kufikira nditasamba m'manja. Kenako anafunsa mofatsa ngati tsopano nkhani za mayiko zatha, kuti tikambeko za mlongoti.

Dishiyo sinagwirenso ntchito, ngakhale wa zowotcherera anaiongola ndi hamala tsiku lonse. Panopa akazi anga amayanikapo mfutso, ndipo amati imaumitsa msanga kuposa mphasa. Kubawo anasiya kunditcha aphunzitsi, amanditcha a Kosimosi, ndipo ndege ikangodutsa m'mwamba, mmodzi wa iwo amavula chipewa n'kundifunsa mwaulemu ngati tiitane asilikali kapena tiyambe tafunsa mayi a kunyumba.