Wakuba Wotchedwa D25

Ndinapuma pa ntchito kumapeto kwa Januwale ndili ndi zaka 55, nditagwira ntchito yowerengera ndalama za kampani kwa zaka 31, ndipo tsiku limene ananditsanzika anzanga onse anandisirira kuti ndachoka mphamvu zikadalipo. Palibe amene anandichenjeza kuti munthu amene wakhala akusaka zolakwika m'mabuku a eni ake kwa zaka zonsezo sasiya khalidwelo chifukwa chongoomberedwa m'manja. Lolemba loyamba ndinadzuka 5 koloko monga mwa masiku onse, ndinasamba, ndinavala, kenaka ndinakhala pabalaza wopanda kolowera. Pofika Lachitatu ndinali nditayamba kulondola mayi a kunyumba chipinda ndi chipinda n'kumazimitsa magetsi amene iwo ayatsa, ndipo Lachisanu ndinawafunsa mwaulemu chifukwa chimene sopo wa m'bafa amathera msanga chotere.

"Bambo," anatero mayiwo, "ngati mukusowa chochita, tengani mabuku a ndalama za pakhomo pano muzisunga ndinu."

Iwo ananena zimenezi pofuna kuti ndiwachoke kumsana, koma ine ndinazilandira ngati kuti ndakwezedwa pa udindo.

Mantha anga anali ndi maziko, ndisadzinyoze kwambiri. Ndisanapume ndinali nditawerenga za William Bengen, mlangizi wa zachuma wa ku America, amene mu 1994 anasonyeza kuti munthu akatapa 4 peresenti yokha ya chuma chimene wasunga m'chaka choyamba, n'kumawonjezera chaka ndi chaka molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, chumacho chikhoza kumufikitsa zaka 30. Izi zikutanthauza kuti uyenera kukhala utasunga ndalama zimene umagwiritsa ntchito pa chaka kuwirikiza ka 25. Chimene chinkandisowetsa tulo n'chakuti zaka 30 kuphatikiza 55 zimangokwana 85, pamene agogo anga aamuna anafika zaka 93 akutafunabe ndi mano awo. Penshoni nayo ilibe bonasi, ilibe ovataimu, ndipo siidziwa kuti Disembala ndi mwezi wosiyana ndi inzake. Choncho ndinatsimikiza mtima kuti kandalama kalikonse kotuluka m'nyumba mwanga kazitsanzika kaye kwa ine.

Ndinatsegula Excel pa kompyuta n'kukonza bajeti yokongola imene sindinakonzerepo ngakhale abwana anga akale. Ndinatsata njira yolemba ndalama iliyonse kawiri, kumene yachokera ndi kumene yapita, imene Luca Pacioli anaifotokoza m'buku lake losindikizidwa ku Venice mu 1494. Panthawiyo sindinaganizirepo mfundo yakuti Pacioli anali wa chipani cha Fransisko Woyera ndipo analibe mkazi, kotero kuti njira yakeyo sinayesedwepo pakhomo pa anthu awiri.

Mwezi wa Malichi ndi pamene ndinamugwira wakubayo. Ndikuwerenga sitetimenti ya akaunti imene tonse awiri timagwiritsa ntchito, ndinaona kuti pa 2 mwezi uliwonse banki inkadula ndalama yofanana, pafupifupi 8 peresenti ya zimene timalandira, ndipo pambali pake pankangolembedwa kuti D25. Ndinafukula mapepala akale m'katoni ya pamwamba pa wadirobu, ndipo D25 uja analimo chaka chatha, analimo zaka zisanu zapitazo, analimonso m'masitetimenti ofiira ndi ukalamba amene inki yake inali itayamba kufufutika. Mtima unagunda ngati mmene unkachitira ku ofesi ndikapeza risiti yabodza. Ndinaganiza kuti ndi inshuwalansi ina imene tinalembetsa kalekale n'kuiiwala, kapena ndi imodzi mwa ndalama zimene mabanki amadula mwakachetechete podalira kuti anthu sawerenga masitetimenti.

Munthu wanzeru akanafuula n'kufunsa mayi amene anali m'chipinda chinacho, mtunda wa mapazi khumi okha. Ine ndinafuna kuti chikhale chowadabwitsa. Mwana wathu wamkulu anali atandiphunzitsa kumene kugwiritsa ntchito banki pa foni, ndipo ndinapeza malo pamene pali malamulo oti banki izidula ndalama payokha mwezi uliwonse, amene a ku banki amawatcha standing order. Foniyo inandifunsa kawiri konse ngati ndikutsimikizadi kuti ndikufuna kuletsa D25. Kawiri konse ndinadina kuti inde, ndipo kachiwiriko ndinadina ndi mphamvu, pokwiya kuti makina akukayikira munthu wa zaka 31 pa ntchito.

Kuyambira Epulo bajeti yanga inayamba kusonyeza ndalama zotsala, ndipo ndinkazilemba ndi mtundu wobiriwira. Alendo akabwera ndinkawaitanira pa kompyuta, ngakhale amene abwera kudzazonda odwala, n'kuwaonetsa mmene luso limapulumutsira banja. Mayi ankangoti, "Tikuthokoza, Bambo," n'kupitiriza zimene akuchita. Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinkandivuta: kuyambira Meyi, ndalama zimene mayi ankapempha za sopo, zotsukira ndi zinthu zina zing'onozing'ono zinakwera modabwitsa. Ndinawakhazika pansi n'kuwaphunzitsa kuti kumeneko ndiye kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo ndinawalongosolera kuti ukagawa 72 ndi peresenti imene mitengo ikukwera pa chaka, umapeza zaka zimene mitengoyo idzatenge kuti iwirikize kawiri, mwachitsanzo zaka 12 ngati ikukwera ndi 6 peresenti. Malinga ndi masamu anga, sopo wa kwathu anali atatsala pang'ono kuwirikiza chaka chisanathe. Mayi anamvetsera phunziro lonselo modekha, ndipo anavomereza kuti dziko lavuta.

Ndalama zobiriwira zija sizinandilole kugona. Mu Seputembala ndinaganiza kuti njira yabwino yopulumutsira ndalama zambiri ndiyo kusiya kulipira akalipentala, choncho ndinagula sowo yamagetsi, puleni, matchizulo atatu, hamala, guluu, misomali ya misinkhu yonse ndi mulu wa matabwa. Mu bajeti ndinazilemba m'gulu la katundu wobweretsa phindu. Pofika Novembala ndinali nditapanga shelefu imodzi, imene mpaka lero imakhala pansi chifukwa khoma linaikana.

Pa 14 Disembala mayi anavala bwino n'kunena kuti akupita ku banki kukatenga ndalama za Khirisimasi. Ine ndinadabwa pang'ono, chifukwa mu bajeti yanga munalibe mzere wotero, koma ndinazindikira pomwepo kuti pa zaka zonse za ukwati wathu sindinafunsepo kumene ndalama za Khirisimasi zimachokera. Ndinkangoona mphatso za ana zitakutidwa, alendo atakhuta, ndipo ndinkaganiza kuti ndi bonasi yanga imene ikuchita zodabwitsazo. Anabwerako pasanathe ola limodzi, anakhala pampando osavula nsapato, n'kuika kapepala ka ku banki patebulo. M'akaunti yawo yosungira munali ndalama za miyezi itatu yokha, Januwale, Febuluwale ndi Malichi, m'malo mwa miyezi 12.

"Atibera!" ndinatero ine, ndikuimirira. "Mayi, musadandaule, nkhani zoterezi ndi ntchito yanga. Ndipatseni dzina la akauntiyo ndiyambe kufufuza lero lomwe."

"Dzina lake ndi D25," anatero iwo, akundiyang'ana m'maso. "Disembala 25. Munasainira nokha zaka 22 zapitazo, tsiku limene munkathamangira ku msonkhano n'kundiuza kuti ndingokusonyezani posainira."

Ndakhalapo m'misonkhano imene anthu akuluakulu ankachotsedwa ntchito ine ndikuwerenga lipoti, koma sindinamvepo chete ngati amene anagwa m'nyumbamo. Ndinayesa kufotokoza kuti ndalamazo sizinatayike kwenikweni, zangosintha maonekedwe n'kukhala katundu. Mayi anafunsa ngati zidzukulu zisanu zimene zikubwera pa 24 zidzagawane sowo yamagetsi.

M'mawa mwake ndinanyamula zida zija kubwerera nazo kumene ndinagula. Mnyamata wa m'sitoloyo anatembenuza sowoyo, anapemerera utuchi umene unali m'mano mwake, n'kundisonyeza pa risiti pamene panalembedwa masiku obwezera katundu, amene anali atadutsa kalekale. Ine amene ndinkadzudzula anthu osawerenga tizilembo ting'onoting'ono ndinabwerera ndi katundu wanga. Kutapa ndalama zosungira ukalamba sindikanalola, chifukwa Bengen akanandilota, ndipo kukongola kwa ana anga nditawaphunzitsa bajeti chaka chonse kunali kosatheka. Ndinalengeza kuti mphatso za chaka chino ndipanga ndekha: timipando tisanu, mdzukulu aliyense kake.

Masiku asanu ndi anayi otsatirawo ndinawathera kuseri kwa nyumba. Kampando koyamba kanatuluka mwendo umodzi uli waufupi, ndipo nditadula itatu inayo kuti ifanane nawo, wina unafupikanso kuposa unzake. Ndinapitiriza kufananiza miyendoyo mwachilungamo, monga mmene ndinkafananizira mabuku, mpaka kampandoko kanatsala kutalika ngati chikhatho. Kachiwiri ndinakamata ndi guluu wambiri kotero kuti kanagwirana ndi tebulo logwirirapo ntchito. Pa kachitatu hamala inaphonya msomali n'kupeza chala changa chachikulu, ndipo mawu amene ndinanena anachititsa kuti mayi atseke zenera. Madzulo aliwonse ankabwera kudzaima pakhomo, n'kuyang'ana utuchi umene unali m'tsitsi mwanga, n'kufunsa mokoma mtima ngati phindu layamba kuoneka.

Pa 24 madzulo ana ndi zidzukulu atafika, ndinali ndi timipando titatu toima, kamodzi kotsamira khoma, ndi kachisanu kamene ndinakatcha thireyi. Ndinagona ndikukonza mawu opepesa. Koma m'mawa wa Khirisimasi nditalowa pabalaza ndinapeza mphatso zokutidwa bwino zitaunjikidwa pakona, dzina la mdzukulu aliyense litalembedwa, ndipo m'khitchini munali piringupiringu ngati zaka zonse. Ndinawakokera mayi pambali n'kuwafunsa monong'ona kuti akongola kwa yani.

"Sindinakongole, Bambo," anatero. "Tsiku limene munaletsa D25, uthenga wa ku banki unabwera pa foni yanga, chifukwa nambala imene inalembedwa kumeneko ndi yanga. Ndinadikira mwezi wathunthu kuti mwina mundiuza, koma inu munali kalikiliki kuonetsa alendo zobiriwira. Ndiye kuyambira Meyi sopo anakwera mtengo."

Ndinawerengera mumtima mofulumira, ndipo masamu anagwirizana: kwa miyezi isanu ndi iwiri ndinakhala ndikusainira ndi dzanja langa pafupifupi theka la ndalama za D25 pa mzere wa sopo, uku ndikuphunzitsa mwini wakeyo za nambala 72. Ndinafunsa chifukwa chimene anandisiyira masiku onse aja ndikuvutika ndi matabwa. Anayankha kuti kuyambira Januwale, amenewo ndiwo anali masiku oyamba amene anayenda m'nyumba mwawo magetsi osawazimira kumbuyo.

Zidzukulu zinakondwera ndi mphatso za agogo awo aakazi, ndipo timipando tanga tinalandiridwa mwaulemu. Kamdzukulu kakang'ono, ka zaka zitatu, kanakhala pa kampando kaja kotalika ngati chikhatho, maondo ali m'chibwano, n'kufunsa kuti, "Agogo, miyendo yake mudzaika liti?" Pa 27 Disembala ndinatsegulanso banki pa foni, mayi ataima kumbuyo kwanga atavala magalasi, n'kubwezeretsa lamulo lija. Pa malo olemba dzina ndinayamba kulemba D25, koma anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndilembe zilembo zikuluzikulu kuti BAMBO MUSAKHUDZE. Sopo anatsika mtengo mwezi womwewo.