Ulendo wa ku Rio Grande, kwao kwa mbiri ya Bevo Francis

Rio Grande wa m'chigawo cha Ohio ku America ndi kamudzi, ndipo eni ake amatchula dzinali kuti "Rayo Grandi". Mukatchula ngati mtsinje wa kumalire a Mexico, amadziwiratu kuti ndinu mlendo. Tinanyamuka ku Columbus, likulu la Ohio, pa galimoto yahayala, chifukwa basi yodalirika yofika kumeneko ndi yosowa. Mumatsata msewu wa US 23 kulowera kumwera mpaka Chillicothe, kenako US 35 kudutsa Jackson. Ndi ulendo wa pafupifupi maola awiri, ndipo mafuta ndi bwino kuthirira ku Chillicothe kapena ku Jackson.

Chotikokera kumeneko ndi munthu mmodzi, Clarence "Bevo" Francis, wamtali mamita awiri ndi masentimita 6, amene anasewera basketball pa Rio Grande College nyengo ziwiri zokha, 1952-53 ndi 1953-54. Sukuluyi inali ndi ophunzira osakwana 100 ndipo inali pafupi kutsekedwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama. Mphunzitsi Newt Oliver anabwera ndi mnyamatayu kuchokera ku sekondale ya Wellsville, n'kuyamba kuyenda ndi timu m'mizinda ikuluikulu, mpaka ku bwalo lotchuka la Madison Square Garden ku New York. Ndalama zapakhomo za masewerowa ndi zimene zinathandiza kuti sukulu isatsekedwe.

Pali manambala awiri amene alendo amasokoneza. Mu Januwale 1953 Francis anagoletsa mapointi 116 posewera ndi Ashland Junior College, ndipo nyengo imeneyo timu inapambana masewero onse 39. Bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji la NCAA linakana kuwerengera zimenezi, ponena kuti matimu ambiri amene anakumana nawo sanali a makoleji a maphunziro a zaka zinayi. Oliver sanagonje, anakonza ndandanda ya matimu olimba. Pa 2 Febuluwale 1954 Francis anagoletsa 113 posewera ndi Hillsdale College: anaponya mipira 70 n'kulowetsa 38, kuonjezapo ma free throw (mipira yoponya popanda wotchinga, ya pointi imodzi) 37 mwa 45. Werengani nokha, mipira 38 ya mapointi awiriawiri ndi 76, kuphatikiza 37 ndi 113. Mzere wa mapointi atatu, womwe mpira woponyera kunja kwake umawerengedwa mapointi atatu, kunalibe nthawi imeneyo, ndipo iye ankakonda kuponyera patali atadumpha. Ichi n'chifukwa chake ife timaona kuti 113 yake ndi yolemera kuposa 138 imene Jack Taylor wa ku Grinnell College anagoletsa mu 2012, momwe 27 mwa mipira yolowa inali ya mapointi atatu.

Lero sukuluyi imatchedwa University of Rio Grande, ndipo bwalo la basketball ndi Newt Oliver Arena. Pitani mu Novembala, mwezi umene kumachitika mpikisano wa dzina la Bevo Francis. M'miyezi ya tchuthi mukhoza kupeza zitseko zokhoma. Mu Novembala kuzizira kumakhala kutayamba, choncho tengani jekete lolemera. Malo ogona n'ngosavuta kupeza ku Gallipolis, m'mbali mwa mtsinje wa Ohio, ndipo chakudya chilipo pa famu ya Bob Evans pafupi ndi Rio Grande.

Francis sanasewereko mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America. Anayenda ndi timu ya Boston Whirlwinds yomwe inkasewera ndi timu yamasewero achionetsero ya Harlem Globetrotters, timu ya mu NBA ya Philadelphia Warriors inamusankha mu 1956 koma sanapite, ndipo anabwerera kwawo kummawa kwa Ohio kukagwira ntchito m'mafakitale. Anamwalira mu Juni 2015 ali ndi zaka 82.