Mthunzi uja mwaupititsa kuti?

Loweruka lapitali tinakumana pamsewu wa M5, pomwe amaima anyamata a kabaza, 5 koloko isanakwane. Tinalipo asanu, awiri ndi makamera, atatu ndi mafoni. Njira yathu ndi yomweyo mwezi ndi mwezi: kutsika wapansi kuchokera kumsewu waukulu, kudzera kumishoni, mpaka kukaponda mchenga. Munthu wa changu sangathe ola, koma ife timatha maola anayi, chifukwa mphwanga sadutsa khoma la njerwa zakale osaima.

Ntchito imene imandidyetsa kuno ku Nkhotakota ndi yojambula maukwati ndi zithunzi za ziphaso. Loweruka limeneli lokha ndimajambula tauni: makonde a magolosale, mzikiti, malata a dzimbiri, matumba a mpunga atasanjikizana, njinga zitatsamira mtengo. Ndipo chimene chimativutitsa tonse asanu si kusowa chojambula ayi. Ndi kuwala.

Tauni yathu inayang'ana kum'mawa. Dzuwa limatulukira panyanja, mbali ya ku Mozambique, madzi n'kumalibweza ngati galasi. Ukaima pagombe nthawi imene asodzi akutsitsa usipa, diso lako limaona zonse pakamodzi, mitambo yofiira, nkhope ya msodzi, ngakhale mfundo za ukonde m'kati mwa bwato. Kamera siingathe. Ukaiuza kuti isamale mitambo, msodzi amasanduka chitsa chakuda bii. Ukati isamale msodzi, kumwamba konse kumayera mbee ngati nsalu. Masana ndiye zimanyanya, makamaka kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale, pamene dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kuno kwathu. Msewu umathobwa m'maso, pomwe pansi pa khonde pali ngati m'phanga.

Ojambula timayeza kuwala ndi muyeso wotchedwa stop. Stop imodzi ndi kuwala kowirikiza kawiri, choncho ma stop 10 ndi kuwirikiza ka 1,024. Kamera yabwino ya masiku ano, ukajambula mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, zosakonzedwa), imagwira ma stop 12 mpaka 14 kuchokera pakuda pomwe pakuonekabe zinthu kufika poyera pomwe sipanapserere. Pepala losindikizapo limangonyamula pafupifupi theka la amenewo. Ndiye pamafunika kupanikiza kuwala kochulukako kuti kukwane pamalo ochepa, ndipo ntchito imeneyi ndi imene amaitcha tone mapping. Anzanga a mafoni ndimawauza kuti aganize za amayi olongedza usipa wouma m'thumba. Kupondereza n'kofunika, apo ayi thumba silitseka. Koma ukapondereza mopyola, kumsika umakafika ndi ufa.

Vutoli si lathu lokha, ndipo silinayambe ndi mafoni. M'zaka za m'ma 1850, Gustave Le Gray wa ku France ankajambula nyanja kawiri, kamodzi poyezera madzi, kenako poyezera mitambo, n'kuphatikiza ziwirizo papepala limodzi. Ndikamaima pagombe ndi kamera yanga ndimamukumbukira, poti madzi ndi thambo zimene zinkamuzunguza mutu ndi zomwe zikundizunguza ine.

Ife timachita zofanana, kungoti katatu. Chithunzi choyamba pa muyeso umene kamera yasankha, china ma stop 2 kutsika, china ma stop 2 kukwera. Ndilibe choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndiye ndimaikhazika pakhoma, pa chitsa, kapena pa chishalo cha njinga mwini wake akalola. Pamalo a zinthu zosasuntha njirayi imagwira bwino kwabasi. Tinaiyesa pa mkuyu uja wa kumishoni, umene mbiri imati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo, mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Thunthu lake lili mumdima wa masamba ake omwe, pomwe m'mipata ya nthambi thambo likuwala ngati moto wa welodala. Chimodzimodzinso pakhomo la tchalitchi cha All Saints, kumene anaika Bishopu Chauncy Maples atamira m'nyanja mu 1895: ukaima panja n'kufuna kuti m'kati muoneke, chithunzi chimodzi sichikwana.

Koma tauni siima kuti uijambule katatu. Wa kabaza akadutsa pakati pa chithunzi choyamba ndi chachitatu, pophatikiza amatuluka ndi mitu iwiri. Nthawi ya mwera, mu Juni ndi Julayi, mafunde ndi masamba zimachita chimodzimodzi. Pamenepo ndimajambula kamodzi kokha mu RAW, ndikuyang'anira histogram, kachithunzi ka pa kamera koonetsa kuwala kuchokera pakuda kumanzere kufika poyera kumanja, kuti isagunde khoma la kumanja, chifukwa poyera pakapserera palibe chimene ungabweze, pomwe pakuda umatha kupadzutsa pang'ono pambuyo pake.

Kunyumba ndimagwiritsa ntchito mapulogalamu a pakompyuta a Luminance HDR ndi darktable, onse aulere. Mu Luminance HDR muli njira zingapo zopanikizira kuwala, zotchulidwa maina a amene anazikonza: Reinhard, Drago, Mantiuk, Fattal ndi ena. Kusiyana kwake kwakukulu n'kwakuti zina zimapanikiza chithunzi chonse ndi lamulo limodzi, kotero malo amene anali owala kuposa anzake amakhalabe owala kuposa anzake. Zina zimayang'ana kachigawo kalikonse pakokha, n'kumadzutsa pakuda ndi kutsitsa poyera molingana ndi zozungulira. Zachiwirizi n'zimene zimatulutsa mizere yonse ya njerwa ndi dzimbiri lonse la malata, ndipo n'zimene zinandikopa ine zaka ziwiri zathunthu. Zimasiyanso kamkombero koyera kuzungulira denga kapena nsanja ya mzikiti, pomwe chakuda chakumana ndi thambo, koma panthawiyo sindinkakaona. Ndinkangoona ma like pa Facebook.

Amene anandiphunzitsa kuona ndi mayi wina wogulitsa mango. Munali mu Novembala chaka chatha, dzuwa lili pamutu, iwo atakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika, beseni lili patsogolo, mwana akugona pachitenje. Ndinawapatsa moni, ndinapempha, anavomera. Sitijambula munthu osapempha, ndi lamulo la gulu lathu, ndipo tikatha timayesetsa kumupititsira pepala lake. Usiku umenewo ndinachikonza chithunzicho ndi njira ya Fattal, ndinadzutsa paliponse pamene panali pakuda, mpaka maluwa a chitenje ndi makungwa a mtengo zinaoneka chimodzichimodzi. Ndinachisindikiza ndili wonyada.

Anachilandira ndi manja awiri, anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Zikomo bambo. Komatu ine paja ndinakhala pamthunzi. Mthunzi uja mwaupititsa kuti?" Asanamve yankho anawonjezera, "Nanga kutuwaku? Tsiku limenelo ndinadzola ine."

Ndinasowa chonena, chifukwa ananena zoona zokhazokha. Pachithunzicho pansi pa mtengo ndi pamsewu pankawala mofanana. Munthu wochiona sakanadziwa chifukwa chimene mayiyo anasankhira malo amenewo, chifukwa chimene mwana anagonera pamenepo osati mita imodzi kutsogolo. Kutentha konse kwa Novembala kunali kutachoka. Kuno kunyanja mthunzi ndi malo, monga nyumba ili malo. Atelala amasokera pamthunzi, bawo imaseweredwa pamthunzi, milandu ya kwa amfumu imakambidwa pamthunzi. Ine ndinali nditaufafaniza poganiza kuti ndi chilema cha kamera. Ndipo khungu lawo, limene linali lakuda mosalala ndi lowala ndi mafuta, linasanduka lotuwa ngati apakidwa phulusa, poti pulogalamu ija ikaona chakuda chilichonse imangoganiza kuti chasowa kuwala. Izi zimandiwawabe, chifukwa HDR ya m'mafoni ambiri, njira imene foni imadziphatikizira yokha zithunzi n'kupanikiza kuwala, imachita zomwezo kwa anthu athu tsiku lililonse, eni ake osadziwa chimene chawasintha nkhope.

Pobwerera ndinkangolingalira mawu awiriwa, chithunzi ndi mthunzi, mmene amachokera pa tsinde limodzi. Agogo anga ankati chithunzithunzi ponena mdima umene thupi la munthu limaponya pansi dzuwa likamuwomba. Amene anayamba kutcha pepala lojambulidwa kuti chithunzi anaona bwino kuposa ine.

Sindinasiye tone mapping, ndipo sindikuuza munthu kuti asiye. Popanda iyo kutuluka kwa dzuwa pagombe lathu sikujambulika. Chimene chinasintha ndi poyambira. Tsopano ndimayamba ndi njira yopanikiza chithunzi chonse pamodzi, ya Reinhard kapena filmic ya mu darktable, kufikira mitambo itabwerera. Njira ya Reinhard inatuluka mu 2002, ndipo eni ake anatengera nzeru za Ansel Adams, wojambula wa ku America amene ankasankhiratu asanajambule kuti ichi chikhale chakuda, ichi chotuwira, ichi choyera. Kusankha kumeneko n'kumene ndinali nditasiyira makina. Ndikamaliza pamenepo ndimadzifunsa kuti malo ozizira pachithunzichi ndi ati, ndipo amenewo ndimawasiya akhale akuda kuposa msewu, moonekeratu. Ndimangowadzutsa pokwanira kuti uone muli munthu, muli mashini osokera. Zodzutsa mizere ija ndimazipaka ndi burashi pakhoma ndi pamalata pokha, osafika pakhungu la munthu. Pomaliza ndimachichepetsa chithunzicho pa sikirini mpaka kukula ngati bokosi la machesi, chifukwa kamkombero koyera kaja kakabisala pachithunzi chachikulu, pachaching'ono kamaonekera poyera.

Mu Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wolusa ndi fumbi zikadzaza m'mwamba, mapiri a tsidya lija amasowa ndipo thambo limayera lokha. Mphwanga amalimbana nalo kuti likhale lobiriwira. Ine ndimalisiya. Ndi mmene limakhalira miyezi imeneyo, ndipo aliyense wa kuno akaona amadziwa mwezi wake osauzidwa.

Loweruka lija tinafika kunyanja dzuwa litakwera kale, usipa uli mbuu pa thandala. Mtsikana wina wa m'gulu lathu, amene wangoyamba kumene, anandionetsa foni yake. Anajambula bambo wina akusoka ukonde pansi pa bwato lopendekeka, HDR itayatsidwa, ndipo zonse zinkaoneka, mpaka zala za kuphazi. Ndinamupempha kuti aizimitse, agunde chala pamchenga wowala, atsitse kuwala pang'ono, ajambulenso. Bamboyo analowa mumdima theka, kunangotsala manja ndi chingwe pamene dzuwa limawomba. Mtsikanayo anayang'ana zithunzi ziwirizo kangapo, n'kunena kuti, "Achimwene, ichi chachiwirichi chikutentha."

Pobwerera tinadzera kumsika. Mayi aja nyengo ino akugulitsa chinangwa, pansi pa mtengo womwe uja. Chithunzi chachiwiri chimene ndinawakonzera, cha mthunzi wake, anati anachipachika pabalaza. Choyamba chija anapatsa ana kuti azisewera nacho.