Zikomo nonse, makamaka inu alamu anga

Lero adokotala andimasula. Ati zobwera kuchipatala mwezi ndi mwezi zija zatha, ndizingopita ngati chinachake chasintha. Ndikulemba ndili gone, thupi lafooka ndi kutopa, koma mtima ukukana kugona ndisanathokoze. Ambiri mukudziwa kale zomwe ndadutsamo ndi vuto la kutsika kwa shuga m'magazi, ndiye sindibwereza zonse. Munandiona manja akunjenjemera mpaka kulephera kugwira kapu, munandiona thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira, ena mwa inu munachita kundinyamula. Mulungu abwezeretse pomwe mwachotsa.

Ndiyamba ndi alamu anga, akazi awo a achimwene. Sakonda kutchulidwa pagulu, mawa lomweli andiimbira kundikalipira, koma alamu mundikhululukire, lero ndiulula zabwino zanu basi.

Nthawi imene aliyense anali ndi dzina lakelake la matenda anga, wina akuti ndi maganizo, wina akuti ndili ndi pakati ndikungobisa, wina akuti ndikuthawa ntchito, alamu okha ndi amene anandifunsa kuti, "Alamu, mwadya nthawi yanji, nanga mwadya chiyani?" Shuga akatsika munthu umapsa mtima ndi aliyense, ngakhale amene akukupukuta thukuta, koma iwo sankabweza mawu. Mawa lake anabwera ndi kope atajambulamo kale mizere itatu, wa nthawi yodya, wa zomwe ndadya, ndi wa nthawi yomwe kunjenjemera kwayamba. Masiku amene ndinalibe mphamvu zolemba ankaimba foni n'kulemba okha. Kope limenelo ndi lomwe linaulula zonse. Tonse tinkaganiza kuti ikundigwetsa ndi njala, koma vutoli silinkandigwira usiku kapena m'mamawa ndisanadye. Linkabwera patatha maola awiri, atatu, nthawi zina anayi nditadya kale, ndipo linkanyanya tsiku limene ndamwa tiyi wa shuga wambiri ndi buledi woyera, kapena ndadya mpunga woyera mbale yodzaza n'kutsitsira chakumwa chotsekemera.

Kuchipatala poyamba ankangondiuza kuti ndilibe matenda a shuga, ndipo sankanama. Magazi a m'mawa ndisanadye ankatuluka bwinobwino. Kuyeza kuja kwa HbA1c, komwe kumaonetsa mmene shuga wayendera miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, kunali pansi pa 5.7 peresenti, pomwe pamakhala anthu opanda vuto. Ndinkabwerako ndi pepala loti ndili bwino, thupi likukana. Anthuni, n'zowawa kudwala pepala likukutsutsa, umayamba kudzikayikira wekha ngati mutu wako ukuyenda bwino. Chomwe chinkachitika n'chakuti pofika kuchipatala munali mutandimwetsa kale zotsekemera, shuga atakwera kale. Ndiye oyezawo akanaona chiyani?

Alamu ndiwo anazindikira zimenezi. Anagula kamakina koyezera shuga kobaya pachala kaja n'kundiuza kuti chikangoyamba ndiziyeza kaye ndisanaike kanthu mkamwa, poti n'zamasekondi ochepa. Tsiku lina chinandigwira iwo ali pompo. Zala zanga zinkalephera kulowetsa kapepala kaja m'kamakina, kanagwa pansi, ndiye anatenga dzanja langa n'kulikhazika pabondo pawo, kulipanikiza ndi chigongono kuti lisagwedezeke, n'kubaya okha. Kamakina kanalemba 2.9. Anajambula nambalayo pafoni, kenaka n'kundipatsa juwisi, ndipo patangopita mphindi zochepa chifunga cha m'maso chija chinachoka, mawu n'kubwerera. Ine ndinali kulira, iwo ali kalikiliki kulemba nthawi m'kope.

Adokotala amene munatilandira ulendo umenewo, zikomo, munawerenga kope lija tsamba ndi tsamba osayang'ana wotchi. Anatifotokozera kuti kwa munthu wopanda matenda a shuga, kunjenjemera kokha si umboni woti shuga watsika. Pamafunika zinthu zitatu zikumane, zomwe dokotala wa maopaleshoni wa ku America, Allen Whipple, anazilongosola mu 1938: zizindikiro zioneke, shuga ayezedwe nthawi yomweyo n'kupezeka wotsikadi, ndipo zizindikirozo zichoke shuga akakwera. Kwa odwala matenda a shuga malire ochenjezera ndi 3.9 mmol/L, kapena kuti 70 mg/dL, koma kwa ife enafe amayang'ana pansi pa 3.0 mmol/L, pafupifupi 55 mg/dL. Alamu anali atasonkhanitsa zitatu zonsezo za Whipple asanamvepo n'komwe dzina lake. Komabe kamakina ka kunyumba sikokwanira pakokha, kamatha kuphonya makamaka shuga akatsika kwambiri, choncho anandiitana tsiku lina, kundipatsa chakudya chofanana ndi chomwe chimandiputa, n'kumanditenga magazi theka lililonse la ola kwa maola asanu. Maola onsewo alamu anali pabenchi panja, atasiya ntchito zawo.

Nyengo yolemera kwambiri inali yodikira zotsatira za kuyeza kwina. Shuga amatha kutsika pa zifukwa zoopsa kuposa zanga, monga chotupa cha m'kapamba chotchedwa insulinoma chomwe chimangotulutsa insulini, timadzi totsitsa shuga m'magazi, osapuma, matenda a chiwindi kapena impso, kapena kufooka kwa tiziwalo ta pamwamba pa impso. Anandifunsa ngati ndinachitidwapo opaleshoni ya m'mimba, ngati ndimamwa mowa, ngati ndamwapo kwinini kapena mapiritsi a shuga a munthu wina. Mawu oti chotupa ndinawamva kamodzi kokha, koma ankandidzutsa pakati pa usiku. Ambuye, mukudziwa zomwe ndinkakuuzani aliyense atagona, ndipo zomwe ndinalonjeza sindinaiwale. Zonse zinatuluka bwino. Anati langa ndi lomwe amati reactive hypoglycemia, kutsika kwa shuga kobwera munthu utadya.

Ukadya zinthu zosachedwa kusanduka shuga, shuga wa m'magazi amakwera mothamanga, kapamba n'kutulutsa insulini wochuluka kuposa wofunika. Chakudya chija chikatha m'matumbo insulini amakhala akugwirabe ntchito, ndiye amatsitsa shuga kupitirira malire. Ubongo umadalira shuga, choncho thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline kuti lidzipulumutse, ndipo kunjenjemera kuja, thukuta, mtima kuthamanga, njala yolusa ndi mantha opanda chifukwa zimachokera pamenepo. Povuta kumeza kwa tonsefe panali apa: zotsekemera zomwe munkandithamangira nazo mwachikondi zinkandidzutsadi, koma botolo lathunthu lopanda chakudya pambuyo pake linkangokonza kugwa kwina maola awiri akubwerawo. Sindikudzudzula aliyense, munkachita zomwe mumadziwa, ndipo mukanapanda kutero mwina sindikanalemba izi.

Mapiritsi sanandipatse. Ananditumiza kwa mayi wina katswiri wa zakudya, ndipo mayi inu zikomo, simunandilembere zakudya zoti munthu azingozimva pa intaneti. Anati zotsekemera ndi buledi woyera ndi moto wa mapesi, umalilima kenaka phulusa, pamene thupi langa likufuna chikuni chonyeka pang'onopang'ono. Ndizidya pang'ono koma pafupipafupi, maola atatu asamadutse. Chakudya chokhutitsa chisamayende chokha, pazikhala dzira, nyemba, nsomba, nyama, mkaka wopanda shuga, mtedza kapena peyala, ndi masamba ochuluka, chifukwa mapuloteni, mafuta ndi gaga wa m'mbewu zimachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Mbewu zosakonola m'malo mwa zoyeretsa, buledi wabulauni m'malo mwa woyera. Chipatso ndizidya chathunthu, osati chofinya, ndipo ndizidyera limodzi ndi mtedza pang'ono. Khofi achepe, poti naye amathamangitsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja, munthu osadziwanso kuti chikuchitika n'chiti. Mowa ine sindimwa, koma anati ndikauze omwa kuti mowa wa m'mimba mopanda kanthu umatsekereza chiwindi kupanga shuga, ndipo umagwetsa ngakhale munthu wathanzi.

Kumva n'kosavuta. Masabata oyambirira tiyi wopanda shuga ankandikhetsa misozi, zotsekemera ndinkachita kuzilota. Apanso ndi alamu. Lamlungu madzulo ankabwera kudzawiritsa mazira, kukazinga mtedza, kuphika nyemba n'kuzigawa m'timakontena ta tsiku ndi tsiku, kantchito koti ine panthawiyo ndikangoimirira pamoto mutu unkazungulira. Ikamakwana 10 koloko m'mawa foni, ikamakwana 3 koloko masana foni. Moni ayi, mwadzuka bwanji ayi, koma "Alamu, mwadya?" Ndikayankha mozengereza ankati, "Idyani ndikumva." Ndinkachita kutafunira mtedza pafoni kuti amve, anzanga a muofesi akuseka. Mayi ameneyu ali ndi ana ake, ntchito yake, ndi mavuto ake omwe sindingalembe pano. Si magazi anga. Achimwene, munakwatira munthu, muwasamale alamuwa, mukawavuta mudzaonana ndi ine.

Bambo a kunyumba, zikomo. Munachotsa shuga patebulo n'kumamwa nane tiyi wowawa, nkhope itakwinyika koma osadandaula, ndipo nthawi imene adokotala anati ndisamayendetse galimoto munkanditula ndi kunditenga osawerengera. Ana anga, munaona amayi anu ali gada pansi, pepani ndi mantha amene munali nawo, ndipo zikomo pondikumbutsa chikwama changa cha zakudya pakhomo. Anzanga a kuntchito amene munkagwira gawo langa mwakachetechete, ndi inu amene munasunga mazira owiritsa m'kabati yanu ngakhale fungo linkakuvutani, ndakuonani. Amayi a mapemphero, mawondo anu sanapite pachabe.

Pali enanso. Amene munabwera kamodzi kudzaona ngati ndawonda, n'kupita kukafotokoza. Amene munkati ndikudzipangitsa, poti munthu wodwala sangamadye maola atatu alionse. Amene foni zanu zinathera mayunitsi chaka chonse, koma pa uthenga uno mukhala oyamba kuika kamtima. Ndilibe nanu mlandu, ndakusiyani m'manja mwa Mulungu, kungoti maso anga ankaona ngakhale pamene manja ankanjenjemera. Alamu ankati ndisalembe ndime imeneyi. Ndalemba.

Sindikunena kuti vutoli lachoka. Likubwera patalipatali, ndipo likabwera ndimadziwa chomwe chaliputa. Ndiye poti ndinu amene mumakhala nane pafupi, mukadzandiona ndayamba thukuta ndi kuyankhula zosalunjika, musathamangire botolo lalikulu. Ndipatseni shuga wokwana magalamu 15, ndiko kuti theka la kapu ya juwisi kapena chakumwa chotsekemera, pafupifupi 120 ml, kapena supuni imodzi yaikulu ya shuga kapena uchi, kapena mapiritsi a gulukosi atatu kapena anayi omwe amakhala m'kathumba kakutsogolo ka chikwama changa. Mudikire mphindi 15, ngati sizikusintha mubwereze. Ndikatsitsimuka mundipatse chakudya chenicheni, dzira kapena mtedza ndi buledi wabulauni, kuti ndisagwenso. Chokoleti ayi, mafuta ake amachedwetsa shuga pamene tikufuna afike msanga. Ndipo ngati ndakomoka musandiike chilichonse mkamwa, munganditsamwitse, mundigoneke chammbali n'kuthamangira nane kuchipatala.

Ena mwandilembera kumbali kuti nanunso mumanjenjemera mukadya. Musadzipatse nokha dzina la matenda anga. Lembani nthawi yodya ndi nthawi yomwe chayamba, mupite nazo kwa dokotala akakuyezeni, chifukwa zina mwa zifukwa ndatchula zija sizithetsedwa ndi mazira ndi mtedza, ndipo nthawi zina kutsika kotereku kumakhala chenjezo loti matenda a shuga enieniwo ali m'njira.

Ndikabwera kwanu n'kukana chakumwa chotsekemera musati ndayamba matama, ndipatseni madzi. Mukandiona ndikutafuna pakati pa msonkhano, ndisiyeni. Alamu, mwati popeza adokotala andimasula foni za 10 koloko zija zitha tsopano. Ine sindinavomere, nkhani imeneyo tikambirana Lamlungu. Ndipo amene munandibweretsera chakudya nthawi ija, makontena anu ndi mbale zadzaza kabati yonse kuno, sindikudziwanso kuti iyi ndi ya ndani, bwerani mudzasankhe zanu.