Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Usiku Umene Boiler Inazima

M'gawo lapitali ndinafotokoza mmene tinapezera nyumba ya lendi ku Leeds, mzinda wa ku England. Lero ndafika pa masiku omaliza a February 2018, pamene mphepo yochokera ku Siberia, imene Angerezi anaitcha Beast from the East, inakuta dziko la Britain ndi chipale chofewa. Ine ndinakulira ku Dedza ndipo ndinkadziyesa wodziwa chisanu, koma cha kwathu cha mwezi wa June chimagonja munthu ukayandikira mbaula, pomwe ichi chinkalowa mpaka m'mafupa.

Cha m'ma 3 koloko usiku ndinadzidzimuka ndi chifuwa cha mwana wathu, yemwe anali ndi miyezi 8 yokha. Nditagwira radiator ya kuchipinda, chitsulo chodutsa madzi otentha chimene chimafunditsa chipinda, ndinaipeza ili zii ngati mwala wa kumtsinje. Kukhitchini boiler, yomwe ndi makina a gasi otenthetsa madzi ofunditsa nyumba, inkangothwanimitsa kanambala kosonyeza vuto, ndipo ndikaiyatsanso inkalira ngati munthu amene akuchukucha m'kamwa, kenaka n'kuzima.

Ndinayamba ndi zimene ndinkadziwa. Mu mita ya gasi munali ndalama, magetsi analipo, thermostat yowongolera kutentha kwa m'nyumba nayo inali pamalo pake. Ndinaunika geji ya mphamvu ya madzi, popeza miyezi ingapo m'mbuyomo muvi wake unagwapo kufika pansi pa 1 bar nditatulutsa mpweya m'ma radiator ndi kakiyi kake, ndipo ndinaphunzira kutsegula pang'onopang'ono kampopi ka pansi pa boiler mpaka muviwo utakhala pakati pa 1 ndi 1.5. Tsiku limeneli muvi unali bwinobwino, ndipo apa m'pamene nzeru zinandithera.

Mayi a kunyumba anati, "Bambo a mwana, bwanji tikoleze makala owotchera nyama aja, tiike pabalaza?" Ndinamvetsa mantha awo, koma ndinakana ndithu, chifukwa makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndiponso wosanunkha, womwe kwathunso wapha anthu ogona ndi mbaula. Tinamufunditsa mwana mabulangete, mayi ake n'kumufungatira.

Kutacha ndinaimbira mkulu wina wa kumpingo, Mmalawi mnzathu amene wakhalitsa kuno. Atangomva za kulira kwa boiler kuja anati, "Achimwene, tulukani panja, muone kapaipi kapulasitiki kotuluka pakhoma kulowera kungalande." Anandifotokozera kuti ma boiler amakono, amene akhala akuikidwa m'nyumba za ku England kuyambira mu 2005, amabweza kutentha kochokera mu nthunzi ya utsi wake, nthunziyo n'kusanduka madzi otuluka mu kapaipiko. Madziwo akaundana amabwerera m'mbuyo, ndipo boiler imadzizimitsa yokha podziteteza.

Ndinakapezadi kapaipiko kali gwa, kukamwa kwake kukulendewera ayezi wotalika ngati chala. Monga anandilangizira, ndinathira madzi ofunda, osati owira, kuopa kung'alula pulasitiki, kuyambira pokhota mpaka kumapeto. Pa jagi yachinayi ndinamva kuti phofo, chidutswa cha ayezi chinagwa, madzi n'kuyamba kudontha. Ndinathamangira m'nyumba zala zitachita dzanzi, n'kudina batani loiyambitsanso, ndipo moto unayaka.

Chivundikiro cha boiler sindinachikhudze, ndipo mpaka pano sindichikhudza, pakuti lamulo la kuno limati ntchito ya gasi igwiridwe ndi mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi, ndiponso landilodi aliyense ayenera kuyezetsa zipangizo za gasi chaka ndi chaka. Wathuyo ndinamuimbira tsiku lomwelo, koma mmisiri anafika patapita masiku 5 chifukwa nyumba zambiri zinali ndi vuto lomweli. Pa masiku onsewo ndinkadzuka mbandakucha ndi jagi m'manja kukathira madzi ofunda ndisanapite kuntchito. Mmisiriyo atabwera anakulunga kapaipiko ndi chofunda chake chakuda, ndipo ndinamupempha kuti ayesenso belu lochenjeza za carbon monoxide, lomwe linali pakhoma pafupi ndi chipinda cha mwana.