Singano ndiyo imatigulitsira magalasi

Ndisanayambe kugulitsa magalasi a maso ndinali telala. Nditadutsa zaka 40, chibowo cha singano chinayamba kundithawa. Ndinkatambasula mkono, kupita pakhomo pamene pali kuwala, kunyowetsa ulusi ndi malovu kawiri katatu, mapeto ake n'kuitana mwana kuti andilowetsere. Mwanayo akakhala kusukulu, makina ankangokhala duu. Diresi yosoka tsiku limodzi inayamba kugona masiku awiri, ndipo makasitomala ena anandichoka osatsanzika. Mumtima ndinkangoti ndi ukalamba basi.

Tsiku lina ndinaperekeza mng'ono wanga kuchipatala cha maso. Namwino ataona mmene ndinkagwirira foni kutali ndi nkhope, anandifunsa zaka zanga, kenako anandiveka magalasi a mphamvu ya +1.50. Zilembo zinangoti mbee! Anandifotokozera kuti mkati mwa diso muli kagalasi kofewa kamene kamasintha kaumbidwe kuti tione zapafupi, ndipo munthu akamayandikira zaka za m'ma 40 kagalasiko kamayamba kulimba. Zimachitikira aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Nditabwerera ndinalowetsa ulusi kamodzi kokha, ndipo ndinadzikwiyira poganiza miyezi yonse imene ndinataya.

Bizinesi yathu inayambira pa mkwiyo umenewo. Ndinagulitsa makina anga achiwiri kuti tipeze mpamba, mng'ono wanga anaonjezerapo zake, tinaphunzitsidwa kayezedwe kosavuta ka maso apafupi, n'kuoda katoni yoyamba. Pachikwangwani tinalemba kuti "Magalasi owerengera alipo", ndipo patebulo tinaika chipepala cha zilembo zazikulu ndi zazing'ono.

Miyezi yoyamba inatiphunzitsa kudzichepetsa. Ogula anali aphunzitsi ndi ogwira ntchito za muofesi, ndipo ambiri mwa iwo anali abambo. Anthu ena onse ankayang'ana chikwangwanicho n'kupitirira. Mayi wina woluka majuzi, amene ndinkamuona ndithu akukwinya nkhope pa ntchito yake, nditamuitana anandiyankha moseka kuti, "Mayi, ine sukulu sindinapite. Ndikagula ndiziwerenga chiyani?" Ndinasowa choyankha. Tinalakwitsanso pooda, chifukwa tinatenga mphamvu zonse mofanana, kuyambira +1.00 mpaka +3.00, pamene anthu ambiri amafuna zapakatikati. A +3.00 anakhala m'katoni mpaka mapepala ake anasanduka achikasu.

Mu 2024 mng'ono wanga, amene sagona osasanthula foni, anandiwerengera nkhani ya kafukufuku wa ku Bangladesh. Anachita ndi mabungwe a VisionSpring ndi BRAC pamodzi ndi yunivesite ya Queen's ku Belfast. Anatenga anthu 824 a m'midzi 56, oluka nsalu, osoka, alimi, amisiri, eni timagolosale. Ena anapatsidwa magalasi nthawi yomweyo, ena anauzidwa kuti adikire. Patatha miyezi 8, ndalama zimene opatsidwa magalasi ankapeza pamwezi zinakwera kuchoka pa madola pafupifupi 35 kufika pa 47, kutanthauza 33 peresenti. Koma chimene chinandidzutsa pampando n'chakuti ambiri mwa anthuwo sankadziwa kuwerenga. Nthawi yomweyo ndinakumbukira mayi wa majuzi uja.

Titafufuza tinapeza kuti kunalinso kafukufuku wina wakale, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018 m'magazini ya zachipatala ya Lancet Global Health. Ameneyu anachitikira m'minda ya tiyi ku Assam, m'dziko la India, pakati pa anthu 751 othyola tiyi a zaka 40 kupita m'tsogolo, ambiri mwa iwo amayi. Wothyola tiyi amasankha masamba anthete a kunsonga, ndipo zimene wathyola zimapita pasikelo. Amene anavala magalasi ankathyola makilogalamu oposa 5 patsiku kuposa anzawo, kusiyana kwa pafupifupi 22 peresenti. Kwa a zaka zopitirira 50 kusiyanako kunafika pafupifupi 32 peresenti.

Ine ndi munthu wa malonda, ndipo manambala okoma ndimayamba ndawakayikira. Munthu akandiuza kuti chinthu chakuti chawonjezera phindu, ndimafunsa ngati sinali nyengo yabwino chabe. Chimene chinandikhutiritsa ndi mmene ofufuzawo anagawira anthu. Sanasankhe olimbikira ntchito kuti ndiwo alandire. Anachita ngati maere, magulu awiri ofanana, nyengo imodzi, mvula imodzi, msika umodzi. Chosiyana chinali magalasi okha. Ndipo gulu lodikira lija linalandira ake kafukufuku atatha, zimene zinandisangalatsa, chifukwa ndikanadandaula kumva kuti anangowagwiritsa ntchito n'kuwasiya.

Sabata yomweyo tinachotsa chikwangwani chija. Chatsopano tinalemba kuti "Magalasi ogwirira ntchito". Chipepala cha zilembo sitinachitaye, koma pambali pake tinaika mbale yokhala ndi singano, ulusi wakuda, kasikuluwu kakang'ono ka m'foni, ndi mbedza. Funso loyamba linasiya kukhala lakuti "Mukuona mzere uti?" Tsopano timafunsa kuti, "Bambo, mumagwira ntchito yanji? Ndi chiyani chimene munasiya kuchita chifukwa cha maso?" Munthu amayesa kulowetsa ulusi opanda magalasi, n'kulephera, kenako timamuveka, kuyambira mphamvu yochepa. Ulusi ukalowa sitilankhulanso zambiri. Ena amaseka, ena amayang'ana zikhadabo zawo ngati akuziona koyamba. Mayi wa majuzi anagula tsiku limene tinamutengera mbaleyo pamalo pake, ndipo anabweretsa anzake.

Tinasiyanso kudikira anthu patebulo. Masiku ena mng'ono wanga amatsala, ine n'kunyamula chikwama kupita kumene kuli osoka nsapato, okonza mawailesi, oluka tsitsi, osoka maukonde. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2019 kuti anthu pafupifupi 826 miliyoni saona bwino zapafupi chifukwa chongosowa magalasi oterewa. Nambala imeneyi ndi yaikulu moti mutu sungaigwire, koma ndikalowa pamzere wa amisiri n'kuona angati akutambasula mkono, ndimayamba kuimvetsa.

Za amayi ndiye zinatitengera nthawi. Tinazindikira kuti m'banja mukapezeka ndalama ya magalasi amodzi, amavala ndi bambo. Mayi amabwereka akafuna kusoka, ngakhale mphamvu yake isakumuyenera, kenako mutu n'kumamupweteka. Ena amachita manyazi kuti anthu aziti akudzionetsera, kapena akalamba. Ndiye bambo akagula timamufunsa kuti, "Nanga amayi kunyumba, ulusi amalowetsa okha?" Ambiri amayamba aganiza kaye, kenako amavomera kuti amatuma ana. Amene akugulira awiri timawachotserako, ndipo timaumirira kuti mayiyo abwere yekha adzayezedwe.

Pali chinthu chimodzi chimene tinakanganapo ndi mng'ono wanga. Iye ankafuna tilembe pachikwangwani kuti magalasi amawonjezera ndalama ndi 33 peresenti. Ndinakana. Nambala imeneyo ndi ya anthu a ku Bangladesh, ndi ntchito zawo, ndi misika yawo. Telala wopanda maoda sapeza maoda chifukwa wavala magalasi. Timawauza anthu zimene ofufuza anapeza, ndi kumene anazipeza, koma lonjezo lathu limathera poti ulusi ulowa.

Kusamala kumeneku ndinakuphunzira mowawa. Kale tisanakhwime, kunabwera agogo ena amene ankati zonse zikuoneka ngati nkhungu, zapafupi ndi zakutali zomwe. Ndinkafuna kugulitsa tsiku limenelo, ndipo ndinawaveka a +3.00 aja. Anati mwina pang'ono, ine n'kulandira ndalama. Patapita milungu anabwera ndi mdzukulu wawo, amene anandiuza mwaulemu kuti kuchipatala apeza ng'ala m'maso onse awiri. Ndinabweza ndalamazo ndili ndi manyazi aakulu. Ng'ala imafuna opaleshoni, ndipo magalasi anga anangowachedwetsa. Kuyambira pamenepo, amene sakuona zakutali, amene diso likupweteka kapena lafiira, amene wasiya kuona mwadzidzidzi, wodwala shuga, komanso mwana aliyense, timamulembera kapepala kopita nako kuchipatala. Mwezi wina mapepala otere amachuluka moti mng'ono wanga amandiseka kuti tasanduka alembi a chipatala osalipidwa.

Tili ndi kope limene timalembamo zaka za munthu, ntchito yake ndi mphamvu imene watenga. Ndi limene limatiuza zoti tiode, ndipo a +3.00 sakutsaliranso m'katoni, chifukwa makasitomala athu oyamba ayamba kubwerera kudzafuna amphamvupo. Kagalasi ka m'diso kaja kamapitiriza kulimba mpaka zaka za m'ma 60. Inenso panopa ndili pa +2.25, ndipo makina amene ndinatsala nawo ndimawagwiritsabe ntchito madzulo, kusoka timatumba tosungiramo magalasi timene timapereka kwa aliyense wogula.