Ngongole ya makina opanikiza mabotolo yatuluka, koma samalani ndi kotesheni

Ndalama zinalowa, makina afika, ndiye mtima wakhala pansi moti ndingathe kulemba. Ndikulembera inu anzanga amene mumagula mabotolo a pulasitiki kwa otola kuno ku Lusaka ndipo mukufuna kukuza ntchito. Ife tili ku Kanyama. Vuto lathu mukulidziwa: botolo losapanikizidwa ndi mpweya wokhawokha. Lole imadzaza mpaka kusefukira, mukafika pa sikelo ya fakitale kulemera kwake kumachititsa manyazi, phindu lonse n'kuthera kwa mwini lole. Tinkafuna makina omanga mabotolo kukhala mitolo yolimba, basi.

Tinadzera ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu. Chiyambire 2022, pamene boma linakweza thumbali kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, muli gawo la achinyamata, amayi ndi magulu, lina la ndalama zongothandiza, lina la ngongole. Zongothandizazo ndi zochepa, makina enieni sizingagule, choncho ife tinapempha ngongole. Kulinso CEEC, bungwe la boma lopereka ngongole za bizinesi kwa nzika, kwa amene akufuna kuyesa kumeneko. Fomu ya CDF imayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu, WDC. Za kulembetsa bizinesi ku PACRA, kutenga nambala ya msonkho (TPIN) ku ZRA, akaunti ya ku banki m'dzina la gulu, makope a chitupa cha NRC, sindikutayirani nthawi. Ngati zimenezi mulibe, musayambe n'komwe.

Nkhani yanga ndi kotesheni, pepala la wogulitsa lonena mtengo wa makina. Mukapita kwa wogulitsa makina, muuzeni alembe papepala kuti mtengowo ukhala miyezi ingapo, osati masabata. Akakana, pitani kwina. Makina amenewa amachokera kunja, mtengo wake umayenda ndi dola, ndiye ogulitsa amalemba tsiku lothera pansi penipeni pa pepala, m'tizilembo tating'onoting'ono. Pepala lanu likamazungulira m'maofesi, tsikulo limakwana mwakachetechete.

Ifeyo chinatichedwetsa ndi ofesi ina, dzina ndisunga, kumene tinkafuna chidindo pa kalata yotsimikiza malo amene timagwirirapo ntchito. Chidindo chimodzi! Ndinalawirira m'mawa, minibasi ya m'tauni, ndinakhala pa benchi lalitali pakhonde limodzi ndi agogo ena amene anabwera ndi envulopu yokulungidwa m'chitenje. Mlembi anati, "Amayi, abwana ali pa msonkhano, dikirani." Tinadikira. Nthawi ya nkhomaliro chitseko chinatsekedwa. Madzulo mlembi yemweyo anatuluka, chikwama paphewa, n'kutiuza kuti abwanawo sanabwere n'komwe tsiku limenelo, ali kunja kwa tauni. Bwanji osanena m'mawa? Tsiku limenelo kumalo kwathu sikelo inali yotseka chifukwa ndalama yogulira ndimasunga ndine. Amayi otola anabwera ndi masaka pamutu kuchokera kutali, anabwerera nawo. Ena anakagulitsa motchipa kwa oyenda ndi wilibala kuti apeze ya ufa. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chimenecho, kuposa ndalama ya basi.

Nditabwereranso anandiuza kuti kalatayo yalembedwa kwa munthu wolakwika, ikalembedwenso. Atailandira, anati makope onse akhale otsimikizidwa ndi wolumbiritsa, ndipo tsamba lililonse lili ndi mtengo wake. Zonsezi akanazinena kamodzi, kapena kungomata papepala pakhoma. M'malo mwake amakupatsa kamodzikamodzi ngati mapiritsi. Pofika nthawi imene banki inatiyitana, kotesheni inali itatha mphamvu kalekale, wogulitsa anali atakweza mtengo, ndipo ngongole imene anavomereza inali ya mtengo wakale. Kusiyanako tinachita kusonkha tokha, wina mpaka kutenga ya chilimba chake isanakwane nthawi. Ndiye ndikubwereza: kotesheni ikhale ya nthawi yaitali, ndipo tengani kwa ogulitsa angapo.

Ndaiwala za magetsi, zomwe zimayenera kubwera poyamba. Makina ambiri opanikiza ndi ogaya pulasitiki amafuna magetsi amphamvu a three-phase, osati a m'nyumba. Funsani wogulitsa musanalembe chilichonse, kenaka muone ngati malo anu ali nawo, ndipo mtengo wokokera muuike mu bajeti yomweyo. Amene munali muno mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, mukukumbukira mmene magetsi ankathimira pafupifupi tsiku lonse. Ngongole simadikira magetsi. Powerengera zobweza, ikanimo miyezi imene makina azingokhala.

Polemba ndondomeko ya bizinesi, musadzichepetse ngati opempha. Ntchito yathu ili ndi malamulo kumbuyo kwake. Mu 2018 munatuluka lamulo la kasamalidwe ka zinyalala, komanso lamulo la nduna, SI nambala 65, imene inaletsa mapepala apulasitiki opyapyala osafika ma micron 30 n'kupatsa opanga katundu udindo pa zinyalala za zinthu zawo. Tchulani zimenezi. Nenani kuti botolo lililonse limene mwagula ndi limene silikafika kudzala la ku Chunga, ndiponso silitseka ngalande. Munthu wa ku Kanyama safunika kuuzidwa zimene ngalande yotsekeka imachita mvula ikagwa, ndipo kolera ya 2023 mpaka 2024, imene inachititsa kuti Heroes Stadium isanduke chipatala, palibe amene waiwala. A komiti ndi anthu a m'makomboni omwewa, mfundo imeneyi amaimva msanga. Za chilolezo funsani ku ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, ndi ku khonsolo mudakali koyambirira.

China chimene chinatithandiza ndi kabuku kathu ka sikelo, kakuda ndi mafuta, momwe timalemba tsiku, makilo ndi ndalama yolipira. Wa ku banki anakatsegula tsamba ndi tsamba, nthawi yaitali kuposa imene anathera pa fomu. Ngati simulemba, yambani lero. Pemphaninso kalata kwa fakitale imene imakugulani, yonena kuti mitolo yopanikizidwa adzailandira.

Pepala lililonse limene mukusiya pa ofesi, jambulani pa foni, ndipo wolandirayo asaine pa kope lanu ndi kulemba tsiku. Ndipo banki ikakuyitanani, musanapite, yang'anani tsiku la pansi pa kotesheni lija. Ngati latsala pang'ono, dzerani kwa wogulitsa akulembereni ina pa mtengo womwewo.